Makolo a ku Kalomwe, sipanala iyambe yadikira

Abambo ndi amayi anzanga a kuno ku Kalomwe, ndabwera ndi pempho la ana athu. Kuno kumalire ndalama imaoneka msanga. Mnyamata akasenza matumba a mbatatesi, kapena akanyamula anthu pa njinga yamoto kupita ku Dedza, madzulo amabwera ndi kangachepe. Ndiye ambiri timati mwanayu sukulu yamukanika, tikamusiye kwa mmisiri aphunzire umakaniko, kuwotcherera kapena kusoka. Luso la manja ndi labwino, sindikutsutsa. Koma malamulo a dziko lathu anasintha, ndipo mwana wotuluka msanga m'kalasi akudzitsekera yekha khomo.

Lamulo la maphunziro la 2018 linati mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi 9. Lamulo latsopano la ntchito la 2023 linakweza msinkhu wolembedwa ntchito kufika zaka 18, ndipo wa zaka 15 angagwire pokhapokha makolo atavomereza. Choncho kamwana ka zaka 12 kotsuka mainjini tsiku lonse pa galaja kakuberedwa nthawi yake, ngakhale mmisiriyo akhale malume ake enieni.

Nkhani yaikulu ndi ya pepala. Kuchokera pa lamulo la 2014, maphunziro a ntchito zamanja ali m'manja mwa bungwe la ANEP. Wophunzira amayesedwa pa zimene manja ake akutha kuchita, gawo ndi gawo, nkumakwera masatifiketi a CV3, CV4 ndi CV5. Kulinso IFPELAC, imene imaphunzitsa makosi aafupi a miyezi yochepa. Onsewa amafuna munthu wodziwa kuwerenga Chipwitikizi ndi kuwerengetsa. Ana athu amalankhula Chichewa kunyumba, pamsika, ngakhale m'tchalitchi. Chipwitikizi amachipeza kusukulu kokha. Mukamutulutsa mwana ali kalasi 5, adzawerenga bwanji muyeso wa waya kapena buku la injini?

Tonse timawadziwa amisiri aluso amene amamasula injini ya thalakitala nkuibwezera ngati akusewera. Koma makampani a malasha ku Moatize akamalemba anthu, amayamba afunsa satifiketi. Waluso wopanda pepala amabwerera pa geti, kapena amalembedwa ngati wothandizira, malipiro ake nkukhala a waganyu. Zimapweteka kuona munthu wa imvi akutumidwa sipanala ndi mwana amene iye angamuphunzitse.

Musaiwalenso atsikana. Magetsi a dzuwa akulowa m'midzi yathu, ndipo palibe chimene chimaletsa mtsikana kuphunzira kuwalumikiza. Lamulo la 2019 linaletsa kukwatiwitsa mwana wosakwana zaka 18, ndiye zaka zimenezi azithere pa chinthu chodzamudyetsa.

Pempho langa ndi ili. Mwana amalize kalasi 9. Ngati mtima wake uli pa galaja, azipitako Loweruka ndi pa tchuthi. Akakula nkumupereka kwa mmisiri, musangopangana pakamwa: lemberanani kuti aphunzira chiyani, kwa nthawi yotani, adya bwanji, ndipo pakhale mboni. Mukagulitsa mbatatesi kapena fodya chaka chino, patulani ndalama ya ulendo, mupite naye ku Ulongwe ku ofesi ya maphunziro ya boma, mukafunse kumene akulembetsa ndi mapepala amene akufuna. Chonde, pitani naye nokha, musamutume.