Wodya mandasi ndi mnyamata, chibalo n'cha mtsikana

Sabata yatha ndinali pa duty. Lachiwiri belu litalira ndinaima pageti n'kugwira ochedwa, ambiri mwa iwo atsikana, ndipo ndinawagawira zikwakwa monga mwa nthawi zonse. Mtsikana wina wa Fomu 3 potambasula dzanja, ndinaona matuza atatu pachala, yunifolomu ikununkha mafuta ophikira. Nditamufunsa chomwe chamuchedwetsa, anayankha atazolika: "Aphunzitsi, ndimakazinga mandasi." Anali atadzuka 4 koloko. Mlongo wake, mnyamata wa Fomu 4 pasukulu pathu pompano, anali atafika kalekale, atasamba, atamwera tiyi mandasi omwewo, ali phee m'kalasi.

Ndiye ndiuzeni anzanga aphunzitsi, pamenepa ine ndinalanga chiyani? Ulesi? Mwana woti tambala asanalire ali kale pambaula?

Nditaikamba nkhaniyi mu staff room, mayankho anali awiri. Ena anati lamulo ndi lamulo, ukamvera chisoni mmodzi mawa achedwa onse. Ena, makamaka ife abambo, anati kukhitchini n'kwa akazi, ndicho chikhalidwe chathu. Ndiyambe ndi achikhalidwewa, chifukwa ndi amene anandipsetsa mtima.

Mandasi alowa liti m'chikhalidwe cha Achewa kapena Angoni? Dzina lenilenilo n'lobwereka kwa Aswahili, omwe amati mandazi, ndipo kwawo kugombe la nyanja yamchere amathiramo mkaka wa kokonati ndi zonunkhiritsa. Tirigu wake sitilima kuno kwa Mkanda kapena ku Kapiri. Pafupifupi yense amene Malawi amadya amachokera kunja. Palibe gogo wathu amene anasiya mwambo woti fulawa azikanda ndi mwana wamkazi yekha. Komanso tapitani pa Kamwendo tsiku la msika, kapena kuboda ya Mwami, muone amene aima pachiwaya cha tchipisi. Si amuna? M'mabekale akukanda buledi ndani? Ndiye kuti moto ukakhala wobweretsa ndalama m'thumba mwake mwamuna saopa utsi, koma ukakhala wa pakhomo wasanduka mwambo. Umenewo si mwambo, ndi ulesi wovala jekete.

Mwina ena mumangowaona mandasi ali m'mbale, choncho ndikuuzeni ntchito yake. Pa kilogalamu imodzi ya fulawa pamafunika kapaketi ka yisiti, shuga, kamchere, timafuta pang'ono ndi madzi ofunda. Kukanda ndiye ntchito yeniyeni, mphindi 15 za kutuluka thukuta mpaka fulawa isiye kumata m'manja. Kenaka umavindikira kuti ifufume. Aphunzitsi a Biology mukudziwa chimene chikuchitika m'besenimo: yisiti akudya shuga n'kumatulutsa mpweya, zomwe timaphunzitsa pabolodi zija. Ikafufuma, umaipapatiza ndi botolo, kudula, n'kuyamba kuponya m'mafuta. Mafuta akakhala osatentha bwino mandasi amangomwa mafutawo, akatenthetsa amapserera kunja m'kati muli mwauwisi. N'chifukwa chake wokazinga sachoka pachiwaya, ndipo matuza aja amachokera pamenepo.

Pa ntchito yonseyi, ndi iti imene ingakanike mnyamata wa zaka 17 yemwe amapalasa njinga itasenza matumba awiri a mtedza? Kukanda kutha kuchitika madzulo. M'miyezi yozizira ya June ndi July fulawa imafufuma pang'onopang'ono usiku wonse. Kukatentha mu October ungochepetsa yisiti kuti isasase. M'mawa wina akoleze mbaula, wina adule, wina akazinge, ndipo tsiku lotsatira asinthane. Mutu umodzi susenza denga, nanga bwanji tikusenzetsa kamtsikana kamodzi kadzutsa wa banja lonse?

Musandimve molakwa, sindikunena kuti makolo aleke mandasi. M'makomo ambiri beseni lomwelo limapereka kadzutsa, otsala amapita pamsewu, ndipo ndalama yake ndiyo imagula makope, sopo ndi yunifolomu. Chiyambire nkhondo ya Russia ndi Ukraine mu 2022 fulawa ndi mafuta zinakwera, kenaka mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Phindu linachepa, mayi sangalembe wantchito, ndiye amadalira ana. Zimenezo ndikuzimvetsa. Chomwe ndikukana n'choti mwa ana onse wodaliridwayo azikhala mmodzi yekhayekha, ndipo nthawi zonse wamkazi.

Tsopano kwa inu a lamulo ndi lamulo. Mtsikanayu waphonya periyodi yoyamba chifukwa cha chiwaya, yachiwiri tamuphonyetsa ife ndi chikwakwa, yachitatu akusinza. Pasukulu pathu masamu nthawi zambiri amakhala m'mawa. Zotsatira za MSCE zikatuluka, ife tomwe tidzakhala pansi pa mtengo n'kumati atsikana masamu amawavuta. Awavuta bwanji masamu oti sanawaphunzire? Kusunga nthawi n'kofunika, inenso ndimakufuna, koma chilango chosafunsa chifukwa sichiwongola kanthu.

Pempho langa n'losavuta. Mukakhala pa duty, yambani mwafunsa musanapereke chikwakwa. Mukapeza nkhani yonga iyi, itanani kholo, ndipo ngati pali mlongo wake pasukulu pomwepo, naye akhale nawo pa zokambiranazo. Pamsonkhano wa PTA tisamangokamba za njerwa ndi zimbudzi, iyinso ilowe.

Ndipo inu ana anga akale amene mumawerenga pano, ambiri mwa inu tsopano ndinu makolo, ena ku Lilongwe, ena ku Chipata, ena ku Joni. Kuwongola mtengo m'poyamba. Mwana wanu wamwamuna akafika potha kunyamula beseni, mupatseni fulawa akande. Ine ndinayamba Loweruka lapitali ndi anyamata anga awiri. Mandasi ake anatuluka olimba ngati miyala ya gulaye, amayi akunyumba anaseka mpaka misozi, koma tinadya. Mtsikana uja ndinamulanda chikwakwa n'kumubweza m'kalasi, ndipo Lachisanu bambo ake akubwera kudzaonana nane.