Maganizo a Mkonzi: Chikwangwani cha Daniel Kachamba Chili Kuti?

Mukayenda mu Victoria Avenue, Glyn Jones Road kapena Haile Selassie Road, maina a mafumu ndi akuluakulu a boma amakulonjerani pakona paliponse. Dzina la woimba simulipeza.

Chonsecho m'misewu ya Blantyre yomweyi ndi momwe Daniel Kachamba, wobadwira ku Limbe mu 1947, ankaimba kwela ndi gitala, mng'ono wake Donald akuliza chitoliro, anthu atawaunjirira. Mu 1967 katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, adawamva nawajambula, ndipo nyimbo za anyamatawa, a kwa Singano ku Chileka, zidakafika mpaka ku Ulaya. Daniel adatisiya mu 1987, Donald mu 2001. Lero mwana wa sukulu wa ku Ndirande angadziwe bwanji kuti kudali anthu otere?

Izi zikutipweteka mtima. Sitikupempha chipilala chodya mamiliyoni ayi. Khonsolo ya mzinda wa Blantyre ikhale pansi ndi akubanja la Kachamba, asankhe khoma limodzi pamalo podutsa anthu ambiri ku Limbe, akhomepo chikwangwani chachitsulo cholembedwa m'Chichewa: dzina la Daniel, zaka zake ndi ntchito yomwe adagwira. Akatero atembenukire kwa oimba ena monga Allan Namoko ndi Robert Fumulani.