Sipika Yaikulu Siimba Yokha, Abale

 Lero ndikhudza nkhani imene ena ikuwawani, koma ndinena basi. Mpikisano wa masipika umene walowa m'mudzi muno ukutidyera ndalama za zokolola. Tikumati tikugula nyimbo, chonsecho tikugula phokoso ndi utsi.

Chaka chilichonse tikagulitsa soya, mtedza kapena fodya, akabaza amayamba kututa makatoni kuchokera ku boma. Amene anali ndi sabufa ya masipika awiri akufuna ya asanu. Amene anali ndi sipika yolekeza m'bondo akufuna yolekeza m'chiuno, chifukwa mwana wa uje wagula yofika pachifuwa. Pofika December, zina zili kwa wokonza mawailesi pa tiredingi senta, zina nkhuku zikuikiramo mazira.

Musandimve molakwa. Ine nyimbo ndimazikonda, ndinakulira Alleluya Band ndi banjo ya Allan Namoko, ndipo mpaka lero Black Missionaries ikalira ndimagwedeza mutu. Munthu wa kumudzi nayenso ali ndi makutu, ayenera kumva nyimbo zomveka bwino. Chimene ndikukana ndi kugula chinthu chimodzi chachikulu n'kuiwala zinzake zimene chimayendera.

Tonse kuno timadziwa ngolo. Sipika ndi ngolo, payokha siyenda. Ampulifaya, ija timangoti ampu, ndiye ng'ombe zokoka. Batire kapena magetsi ndiwo msipu. Ndani mwa inu anagulapo ngolo yaikulu n'kumangirira mbuzi? Nanga ndani anagula ng'ombe zinayi alibe pozidyetsa? Pa ulimi tonse ndife ochenjera, koma tikangolowa mu shopu ya zamagetsi nzeru timazisiya pakhomo ngati nsapato. Zimene ndikufotokozazi si za ku yunivesite ayi. Zalembedwa kumbuyo kwa zipangizozo, ndipo wokonza mawailesi aliyense wachilungamo angakuuzeni.

Bodza loyamba lili pa katoni. Alemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti 5000W PMPO, munthu n'kutulutsa ndalama akumwetulira. Nambala ya PMPO imeneyo ndi yokopera wogula, ilibe muyezo umodzi woti makampani onse azitsata. Tembenuzani chinthucho, onani kachikwangwani kali pafupi ndi chingwe cha magetsi. Mwina mupeza kuti chimadya ma watts 60 okha. Tsono chodya 60 chingamatulutse bwanji 5000 nyimbo yonse? Nkhokwe imene munathiramo matumba 6 simungatapemo matumba 500. Nambala yofunsa ndi ya RMS, imeneyo ndiye mphamvu imene ampu imatha kupereka mosalekeza. Wogulitsa akayamba kuzemba funso limenelo, tulukani. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Bodza lachiwiri timadzinamiza tokha, loti ma watts akachuluka kawiri ndiye kuti mawu akweranso kawiri. Ayi ndithu. Kukwera kwa mawu amakuyeza ndi ma dB. Mukachotsa ampu ya 50 n'kuika ya 100, mwangoonjezera 3 dB, khutu limamva kusintha pang'ono chabe. Kuti khutu livomereze kuti mawu akwera kawiri, pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi ka 10, ndiye kuti kuchoka pa 50 kufika pa 500. Komanso masipika amasiyana madyedwe, ngati ng'ombe. Pa mapepala a sipika yabwino amalemba nambala ngati 87 dB kapena 90 dB. Ya 90 imafuna theka chabe la mphamvu imene ya 87 ikufuna kuti zilire mofanana. Munthu wosankha sipika yosadya kwambiri wapulumutsa ndalama ya ampu ndi ya batire pa kamodzi.

Kenako pali ma ohm, ndipo apa m'pamene anyamata athu amaotchera zinthu. Kumbuyo kwa sipika kumalembedwa 8 ohms, 6 kapena 4. Kumbuyo kwa ampu nakonso amalemba ma ohm amene imakwanitsa. Nambala ikamachepa, katundu wa ampu amalemera. Mukatenga masipika awiri a 8 n'kuwapotera pa mawaya amodzi, ofiira kwa ofiira, akuda kwa akuda, ampu imaona 4. Mukapotera anayi imaona 2. Ma ampu ambiri a m'nyumba sanapangidwire 2. Imayamba kutentha, ina imadzizimitsa yokha, ina imangotulutsa kafungo ka pulasitiki, basi zathera pomwepo. Ndiye mudzamve mwini wake: "Anandigulitsa feki." Feki ndi iweyo amene wasenzetsa bulu matumba khumi.

Ena amati bola kugula sipika yaikulu n'kusiya ka ampu kakale, eti ka ampu kakang'ono sikangaphe sipika. Kamapha ndithu. Mukakapotokola voliyumu mpaka kumapeto, kamalephera kutulutsa mawu oyera, kamayamba kusasa ngati munthu wokuwa pa mpira. Mawu osasawo amatenthetsa kasipika kakang'ono ka pamwamba kaja, katwita, mpaka kawaya kake kupserera. Mukamva mawu ayamba kukhadzuka, tsitsani msanga. Ng'ombe ikagwada sumaonjezera chikwapu.

Tsopano msipu. Makomo ambiri kuno tilibe magetsi a ESCOM, timadalira sola. Batire la 12V la 100Ah limasunga ma watt-hour pafupifupi 1200. Koma mabatire a asidi amene ambirife tili nawo safuna kutapidwa kupyola theka, ukamawakokolola mpaka pansi amafa msanga. Ndiye anu enieni ndi 600. Ampu yaikulu ya m'nyumba yodya 150 ikadutsa pa inveta, yomwenso imadyako zake, simukwanitsa maola anayi. Sola ya 100W pa tsiku la dzuwa labwino imabweza mwina 400 kapena 500 basi, nanji nthawi ya dzinja kukachita mitambo. Mapeto ake mababu azima, mafoni alibe moto, mwana wa Sitandade 8 akuwerengera tochi, chifukwa bambo amafuna besi imveke kutsidya kwa dambo. Pamenepo muonjezere kuti ma inveta otchipa aja satulutsa magetsi osalala, n'chifukwa chake ampu imang'ung'uza ngati njuchi. Walira mvula walira matope. Sipika yaikulu ilira ampu yaikulu, ampu ilira inveta, inveta ilira batire lachiwiri, batire lilira sola ina. Ndalama ya feteleza yathera m'njira imeneyo.

Ndibwere kwa inu abale a ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Johannesburg ndi ku London. Inu mumazidziwa bwino zinthuzi. Mukafuna kukweza zoimbira za pabalaza panu mumakhala miyezi mukufunsafunsa kuti sipika ya Wharfedale kapena JBL ikugwirizana ndi ampu iti, ya Yamaha kapena ya Marantz. Mumayeza ngakhale kukula kwa chipinda. Zimenezo n'zabwino, ndalama ndi zanu, ndipo mumachita mwanzeru. Koma zakale zija mukamazitumiza kumudzi, nzeru zomwezo zimapita kuti? Mumatumiza masipika awiri aatali ngati mwana wa Sitandade 3, ampu mwasunga. Kapena mutumiza chiampu cholemera ngati mwala wa mphero ku nyumba imene ili ndi sola ya mababu atatu. Malume anu sangakane mphatso, ndiponso sangalole anthu aziti katundu wa ku Joni wangokhala. Agulitsa mbuzi kuti agule chosowacho, ndipo agula cholakwika chifukwa palibe anawauza za ma ohm. Mphatso yanu yabala ngongole.

Ngakhale pulagi simuiganizira. Ya ku South Africa ili ndi mano atatu obulungira, yathu kuno mano ake ndi a makona ngati ya ku Britain. Zikakanika kulowa, anyamata amadula pulagi n'kusomeka mawaya ndi timitengo ta machesi, m'nyumba ya udzu. Bola za ku Joni ndi ku Britain magetsi ake ndi 230V ngati athu. Za ku America zimayendera 120V, ukazilumikiza kuno popanda chotsitsira magetsi zimapsa nthawi yomweyo. Chonde, musanakweze katundu pa basi imbani foni. Funsani kuti pakhomopo pali magetsi anji, batire ndi lalikulu bwanji. Ngati mwatsimikiza kutumiza, tumizani ngolo ndi ng'ombe zake. Ngati ndi nyumba ya sola, ka ampu kakang'ono ka mtundu wa Class D koyendera 12V kangathandize kuposa chiampu chanucho, chifukwa sikafuna inveta ndipo sikataya moto wambiri ndi kutentha. Zikavuta, gulitsani konko, ndalamayo mutumize. Thumba la feteleza la 50 kg silifuna adaputa.

Ndikudziwa wina alemba m'munsimu kuti, "Bambo, ndalama ndi zanga, soya ndinalima ndekha." Zoona, mwana wanga, sindinakulimire. Koma ndalama ndi zako, makutu ndi athu. Sipika ikalira mpaka 2 koloko usiku, agogo odwala a kuseri kwa nyumba yako sagona, mayi wa khanda sagona, ife olawirira ku dimba sitigona. Ndiponso February akafika, amene umagogoda pakhomo pake kupempha ndowa ya chimanga kapena ganyu ndi ife tomwe. Apo nkhani yako yasanduka yathu. Ganiziranso ana ako amene amakhala pansi pafupi ndi sipikayo. Akatswiri a za makutu amati phokoso la 85 dB munthu asakhalemo kupyola maola 8, ndipo likakwera ndi 3 dB nthawiyo idulidwe pakati. Ngati ukuchita kukuwa kuti mnzako wa pafupi akumve, dziwa kuti wapyola kale. Khutu likawonongeka ndi phokoso silibwereranso, ulibe kokagula lina.

Wina ati, "Nanga pa ukwati ndi pa chinkhoswe tiziimbira chiyani?" Zimenezo ndi zina. Masipika a pabwalo amapangidwa mosiyana ndi a pabalaza, ndipo alipo anthu obwereketsa pamodzi ndi jenereta yake. Ukwati ndi wa tsiku limodzi. Palibe amagula lole chifukwa chaka chino asamutsa nyumba.

Chondimvetsa chisoni n'choti kukweza kwenikweni kwa mawu n'kwaulere, koma palibe akukufuna chifukwa sikuoneka pa kabaza. Chipinda cha mamita 3 kwa 4 sichifuna ma watts mazanamazana. Ampu ya 20 kapena 30 RMS mbali iliyonse, ndi masipika awiri ogwirizana nayo, zimadzaza nyumba bwinobwino. Chotsani masipika pansi, muwakweze afike pa msinkhu wa makutu anu mutakhala pampando. Musawapanikize pakona, asiyireni kampata ndi khoma. Atalikirane mofanana ndi mmene inuyo mwatalikirana nawo. Onetsetsani kuti waya wofiira wapita pofiira mbali zonse ziwiri, chifukwa mukatembenuza mbali imodzi besi imathawa, ndiye munthu n'kuthamangira kukagula sabufa ina. Yalani mphasa kapena mkeka pansi kuti mawu asamawombane ndi simenti. Mukamaliza kumvera, fundikani nsalu kuopa fumbi, ndipo tsekani pamene mbewa zingalowere. Yesani zimenezi kaye, mumve gitala ya Paul Banda mmene imvekere, kenako mundiuze ngati mukufunabe ya 5000W.

Chaka chino musanapite ku boma ndi ndalama za soya, tengani pepala mulembe manambala atatu: ma ohm a sipika, RMS ya ampu, ndi ma Ah a batire lanu. Zikapanda kugwirizana, ndalamayo ibwerere m'thumba. Gulani feteleza ndi mbewu kaye, lipirani fizi, chotsalacho ndiye cha nyimbo. Amene ndamulasa ayankhe m'munsimu mwaulemu, tikambirane. Inu a m'tauni, uthengawu muwaonetsenso anzanu amene akupakira makatoni panopa.