Tisawanyoze Mafuta a Nsatsi

Ndifuna kunenako za chinthu chimene ambiri a ife timachiyesa chachabe, ndicho mafuta odzola ndi sopo zopangidwa ndi manja athu.

Ife ana a sukulu tili ndi nthenda imodzi. Mnzathu akatulutsa m'sutikesi botolo lolembedwa Chizungu timamuyesa wotsogola, koma wina akabwera ndi mafuta a nsatsi ochokera kwa agogo ake timamuseka kuti ndi wachimidzi. Kodi nzeru imeneyi ndi yoona? Vaseline amene timamutamayo ndi mafuta otsalira poyenga mafuta a pansi pa nthaka, ndipo Robert Chesebrough wa ku America analembetsa njira yowapangira mu 1872. Iyeyo sananyoze chimene anachipeza kwao. Nanga ife tinyozeranji zathu?

Makolo athu kuno ku Kasiya, ku Nsaru ndi ku Kabudula anali kudziwa kuyenga mafuta kalekale. Amayi amakazinga nsatsi, nazisinja mumtondo, naziwiritsa m'madzi, ndipo mafuta akayandama amawatunga pamwamba. Mafuta amenewa amafewetsa khungu m'miyezi ya June ndi July pamene mphepo ya mwera imang'amba miyendo. Tilinso ndi mtedza wambiri, umene pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mafuta. Tili ndi phula la njuchi lolimbitsira mafuta odzola, ndiponso udzu wa mandimu ndi masamba a bulugamu zopatsa fungo labwino.

Taganiziraninso za ndalama. Mu November 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo katundu wochokera kunja anakwera mtengo koopsa. Amene amamva kuwawa kwake ndi makolo athu, pakuti iwo ndiwo amagula sopo ndi mafuta tikamabwera kusukulu. Kugulitsa mtedza wosayenga pa mtengo wotsika, ndi kugulanso sopo pa mtengo wokwera, kuli ngati kutunga madzi ndi dengu.

Ena adzati, "Zopanga pamudzi zimawotcha khungu." Mawu amenewa sindiwakana konse, pakuti sopo wopangidwa mongoyerekeza amawotchadi. Koma mankhwala ake ndi sikelo. Kilogalamu imodzi ya mafuta a mtedza imafuna magalamu pafupifupi 135 a soda wopangira sopo. Sodayo amathiridwa m'madzi, osati madzi pa soda, ndipo mphika usakhale wa aluminiyamu. Sopo akaumbidwa adikire milungu 4 kufikira 6 asanagwiritsidwe ntchito. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Chenjeraninso kuti njere za nsatsi ndi zotsalira zake zili ndi poizoni, motero zisafike pakamwa pa mwana kapena pa chiweto.

Choopsa chenicheni chili m'mabotolo ena okongola oyeretsa khungu, amene amakhala ndi mercury wowononga impso, kapena hydroquinone amene dziko la South Africa linamuletsa m'zodzoladzola mu 1990.

Tsono wofuna kugulitsa akhale woona mtima. Alembe pa botolo zonse zimene waikamo ndi tsiku limene wapanga, asaname kuti mafuta ake amachiza nthenda zonse, ndipo malonda akakula apite nawo ku Malawi Bureau of Standards, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1972, kuti akawayese.

Pomaliza ndipempha aphunzitsi athu a sayansi kuti atilole kuyesa ntchito imeneyi Loweruka masana, iwo akutiyang'anira. Si tonse amene tidzapeza malo ku yunivesite kapena ntchito ya mu ofesi. Wotuluka pano akudziwa kusandutsa thumba la mtedza kukhala sopo sadzakhala manja lende kumudzi.