Kabowo ka mu LayerSlider

Eni mawebusaiti ambiri amasamala WordPress yeniyeniyo, koma timapulogalamu towonjezera, ma plugin, amangotiika n'kuiwala. Mu Malichi 2024 munapezeka kabowo mu LayerSlider, plugin yosinthasintha zithunzi patsamba, imene inali pa mawebusaiti oposa 1 miliyoni. Matenda ake anali SQL injection. Mawu ochokera kwa mlendo aliyense ankapita kunkhokwe ya deta osasefedwa, choncho kamberembere ankatha kuzembetsamo malamulo ake, nkhokweyo n'kumamvera ngati kuti walamula ndi mwini nyumba. Sipankafunika n'komwe akaunti. Pofunsa pang'onopang'ono, wakuba akanatha kusolola zinsinsi, kuphatikizapo mapasiwedi obisidwa. Amene anatulukira vutoli analandira madola 5,500 kudzera ku kampani ya zachitetezo ya Wordfence, ndipo opanga anatseka bowolo mu LayerSlider 7.10.1. Chimene chimandipweteka mtima ine n'chakuti mankhwala ake, ma prepared statement, ndi akalekale, ndipo WordPress ili nawo kale, kungoti ena amachita ulesi. Kampani ya TalkTalk ku Britain inalipitsidwa mapaundi 400,000 mu 2016 chifukwa cha bala la mtundu womwewu, lomwe linali pa masamba akale amene inatengera ku kampani ya Tiscali.