Khofi Asagone Pamodzi ndi Kapenta

Anzanga alimi, mtengo wa khofi ucedwa kubala. Munthu aubzala, aupalira, audulira, ndipo ayembekeza zaka zitatu kapena zinai asanathyole zipatso zoyamba. Ndico cifukwa cace cimandiwawa mtima kuona kuti khofi wambiri amene atuluka m'munda ali wabwino aonongekera m'nyumba mwa mwini wace, m'masabata ocepa a pakati pa kukolola ndi kugulitsa. Nkhaniyi ikhudza alimi a khofi ku Kasama, ku Mbala ndi ku Isoka, ndiponso anzathu a ku mapiri a Misuku ku Malawi, pakuti khofi wa Arabica amene onsewa alima ali ndi makhalidwe amodzi.

Colakwa coyamba ndico kufulumira kucotsa khofi pa dzuwa. Khofi wopukusa ndi wotsuka, pamene ayalidwa pa thandala, theka la kulemera kwace ndi madzi okhaokha. Wogula afuna kuti madziwo atsike kufikira magawo 11 kapena 12 pa magawo 100, ndipo nchito imeneyi itenga sabata imodzi kapena awiri, kapena kupitirira ngati kunja kuli mitambo. Yalani mopyapyala pa thandala lokwezeka, osati pa dothi ai. Takasani ndi manja kawirikawiri. Dzuwa likaswa mtengo pfundirani pang'ono kuti kakhungu koyera kokuta njere kasang'ambike, ndipo madzulo pfundiraninso cifukwa ca mame. Mukafuna kudziwa ngati wauma, tengani njere zingapo, zisendeni, muzilume. Dzino likalowa monga m'nyemba yosakhwima, khofiyo akali ndi madzi. Njere youma iri yolimba, ndipo ithyoka movutikira. Ikangophwanyika ngati galasi, mwapitiriza muyeso, ndipo kumeneko ndi kutaya kulemera kwacabe.

Ndamva alimi ena akunena kuti madzi nawonso alemera pa sikelo, ndipo kuti woumitsa kwambiri adzibera yekha. Mau amenewa sindiwaseka ai, pakuti munthu amene mwana wace wabwezedwa ku sukulu cifukwa ca ndalama awerenga kilo iriyonse. Koma nzeru imeneyi ndi yonyenga. Ogula ambiri lero ali ndi kamakina koyesera cinyezi, ndipo thumba lonyowa alikana, kapena adula mtengo koposa kulemera kwa madzi aja. Coipa coposa ndi ici: khofi wonyowa akatsekeredwa m'thumba atentha, acita cuku, nayamba kununkha cinyontho. Cuku cina cibala ululu wochedwa ochratoxin umene upweteka impso za munthu, ndipo maiko a ku Ulaya amene agula khofi wathu auyesa ululu umenewu. Kukazinga sikuucotsa wonse. Tsono pa msika wa bungwe la alimi matumba a anthu ambiri asakanizidwa, ndipo thumba limodzi la cuku litsitsa mtengo wa mudzi wonse. Amene anafuna kucenjerera sikelo wabera mbale wace wa khomo loyandikana.

Tsopano ndifike pa cimene candilembetsa. Njere ya khofi ikhala ngati ikupuma. Imwa cinyezi ca mu mpweya, ndipo imwanso fungo la cinthu ciri conse cimene yagona naco. Tsiku lina ndinalowa m'nyumba ya mkulu wina, mlimi wa khama, amene khofi wace anali wouma bwino ndi wosankhidwa mosamala. Matumba anali pa ngodya. Pambali pace panali citini ca palafini, pamwamba pace mtanga wa kapenta wa ku Mpulungu, ndipo ku denga kunali fodya wopacika. Ndinati, “Ambuye, kodi khofiyu sadzamveka nsomba?” Iwo anaseka, nati thumba ndi lomanga. Komatu ciguduli sicitsekereza fungo. Akatswiri olawa khofi akazinga njere pang'ono, azipera, athirapo madzi otentha, nalawa ndi supuni. Palafini, utsi wa ku khichini, anyezi, sopo, fodya ndi nsomba, zonsezi azimva m'kapu, ngakhale maso aone njere zokongola. Fungo likalowa silituruka, mungayanike bwanji.

Maganizo anga ndi akuti khofi akhale ndi malo ace ace, ngakhale kacipinda kakang'ono, kosadontha, kopita mphepo, kosafikako utsi. Ndidziwa kuti nyumba zathu ziri zocepa. Pamenepo alimi atatu kapena anai angathe kugwirizana kumanga kankhokwe kamodzi ka khofi yekha, monga acitira pomanga cigafa ca fodya. Matumba asagone pansi: ikani njerwa, pamwamba pace matabwa kapena mitengo youma, ndipo siyani mpata pakati pa thumba ndi khoma woti dzanja lipite momasuka. Khoma ndi simenti zituluka thukuta nthawi ya dzinja. Pansi pa malata penipeni siponso pabwino, pakuti usana patentha ndipo usiku pagwa madontho.

Za matumba ndinenepo mwamphamvu. Thumba la feteleza kapena la mankhwala a mbeu lisakhudze khofi, ngakhale mwalicapa katatu. Gwiritsani ciguduli coyera cosanunkha mafuta. Matumba a pulasitiki otseka mpweya, onga aja a PICS amene ambiri asungiramo cimanga, athandiza kutsekereza cinyezi ndi anankafumbwe, koma alandira khofi wouma yekha. Wonyowa mukamtsekeramo, mwamkumbira manda. Ndipo musathire mankhwala a cimanga m'khofi.

Musafulumirenso kumpuntha. Kakhungu koyera kaja ndi cobvala ca njere, ndipo khofi akhalitsa bwino ali m'cobvala cace kufikira tsiku lopita ku makina. Womsinja mu mtondo athyola njere ndi kuzisiya zamarisece. Sabata iri yonse pisani dzanja pakati pa thumba. Mukamva kufunda, kapena fungo la nyumba yotsekedwa, khuthulani muyanikenso tsiku lomwelo.

Amene asungako pang'ono wakumwa pakhomo akazinge wokwanira sabata imodzi kapena awiri, pakuti khofi wokazinga ataya fungo lace lokoma msanga, ndipo wosinja ataya msanga koposa. Amuike m'botolo louma lotseka bwino, kutali ndi moto ndi dzuwa, ndipo asinje pa tsiku lakumwa. Wogulitsayo acoke m'nyumba mvula ya Novembara isanakhazikike, cifukwa khofi amene wagona dzinja lonse m'mudzi afika ku sikelo atatuwa, ndipo wogula amtsitsa giredi pongomuona.