Waya wokometsa vape ndi womwewo umene ukulowa m'mapapo a mwana wanu

Amayi, abambo ndi agogo, lero tikambe za fodya wamagetsi amene achinyamata amamutcha vape. Wafika m'matauni, wafika m'misika ya kumudzi, wina akubwera m'zikwama za abale ochokera ku Joni. Amaoneka ngati cholembera, amanunkhira mango kapena chingamu, moti mwana akhoza kusutira m'nyumba mwanu inu osadziwa.

Ogulitsa akuuza ana athu kuti si utsi, ndi nthunzi chabe. Akutinso ukasankha waya wabwino, kukoma kwake kumakhala koyera. Mawu akuti "koyera" amenewa ndi amene ndikukana lero.

M'kati mwa vape muli batire, thonje lonyowa ndi madzi onunkhira, ndiponso kawaya kopotapota kotchedwa coil. Munthu akakoka mpweya, batire imatenthetsa kawayako, madzi aja amasanduka nthunzi n'kulowa m'chifuwa. Mawayawa alipo amitundu ingapo. Wotchedwa Kanthal ndi msanganizo wa chitsulo, chromium ndi aluminiyamu, ndipo umachedwerako kutentha. Wa nichrome ndi nickel wosakaniza ndi chromium, umatentha msanga, ndipo ndi mtundu womwewo wa waya umene umafiira m'hita yamagetsi. Palinso wa chitsulo chosachita dzimbiri, umene osuta amati suwonjezera kafungo kachilendo, koma nawonso uli ndi nickel ndi chromium. Wina amauluka ngati sefa kuti uwotche madzi ambiri nthawi imodzi, fungo la chipatso limveke kwambiri.

Choncho ogulitsa sakunama akamati waya umasintha kakomedwe. Koma dzifunseni: ngati lilime likutha kusiyanitsa waya uwu ndi uwo, nanga mapapo akulandira chiyani?

Mu 2018, akatswiri a ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America anayeza zipangizo za anthu 56 osuta vape. Madzi akadali m'botolo anali ndi zitsulo zochepa. Madzi omwewo atalowa m'chipangizo n'kukumana ndi waya wotentha, zitsulo zinachuluka, ndipo mu nthunzi anapezamo mtovu, nickel, chromium ndi manganese. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu umene tinganene kuti ndi wosavulaza, ndipo umawononga kwambiri ubongo wa ana. Mitundu ina ya nickel ndi chromium imadziwika kuti imayambitsa khansa ikamapumidwa. Amayi mukudziwa momwe ndolo zotchipa zimatupitsira khutu n'kulichititsa zilonda. Nthawi zambiri amachititsa zimenezo ndi nickel. Khungu lakunja likamukana chotero, kuli bwanji mnofu wofewa wa m'mapapo?

Waya ukakalamba, zotsekemera za m'madzi aja zimapsererapo n'kuda ngati kunsi kwa mphika. Thonje likauma, waya umatentha mopitirira, ndipo madziwo amatulutsa formaldehyde, mankhwala amene amagwiritsidwa ntchito posunga mitembo kumochale. Osuta amangoti vape yayamba kumveka kupserera. Amene ali ndi ndalama amagula coil ina. Mwana wasukulu alibe ndalama, ndiye amapitiriza kukoka yopserera yomweyo, n'kubwerekanso anzake.

Wina anena kuti vape ndi yabwinoko kuposa ndudu. N'zoona kuti ilibe phula ngati la fodya wowotcha, ndipo m'mayiko ena akuluakulu amene anazolowera ndudu amaigwiritsa ntchito pofuna kusiya. Koma mwana wanu wa Fomu 2 sanali kusuta ndudu. Akusiya chiyani? Iyeyo akuyamba kumene. Ma vape ambiri ali ndi chikonga chomwe chija cha m'fodya, chimene chimamanga munthu osafuna kusiya, ndipo ubongo umapitiriza kukula mpaka zaka pafupifupi 25. Fungo la mango ndi waya wokometsa ntchito yake ndi kubisa ukali wa chikongacho kuti pakhosi pa mwana pasakane. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mayiko amene anayamba kale kuona vape akukhwimitsa malamulo. Ku Britain analetsa kugulitsa ma vape otaya akatha kuyambira pa 1 June 2025. Kuno kwathu ambiri amagulitsidwa popanda wokuuzani kuti waya wake ndi wanji. Ndiye wogulitsa akamalumbira kuti waya wake ndi woyera, anauyeza kuti?

Makolo, chitani izi. Mukamva fungo la zipatso kapena maswiti kuchipinda kwa mwana, mukapeza kachipangizo kachilendo kotchajidwa ngati foni, khalani naye pansi. Musayambe ndi chikwapu, chifukwa adzangophunzira kubisa. Mufunseni kuti wayamba liti ndipo akumupatsa ndani. Ngati akutsokomola, akubanika kapena akumva kupweteka pachifuwa, pitani naye kuchipatala ndipo muwauze adokotala kuti amasuta vape. Amene ali ndi mphumu ndiponso amayi oyembekezera asayandikire n'komwe.

Madzi a vape asakhale pofikira ana aang'ono, chifukwa amanunkhira ngati juwisi. Mwana akamwa, musamusanzitse. Thamangani naye kuchipatala, botololo mutenge. Akatayikira pakhungu, tsukanipo ndi madzi ambiri ndi sopo.

Inu abale amene muli ku Joni ndi kunja kwina, tumizani makope, nsapato ndi fizi. Vape si mphatso. Ndipo inu ogulitsa, mwana wovala yunifomu akabwera pa benchi panu, m'bwezeni. Palibe waya umene ungayeretse chikonga.

Uthengawu muufikitse kwa amayi anzanu kusikelo, kutchalitchi, kumzikiti ndi kubanki m'khonde.